Mwana Amene Analembedwa Kuti Wachira

Ndinabadwa ndi mlomo wong'ambika. Mng'aluwo unayambira pansi pa mphuno ya kumanzere, n'kudula mlomo wapamwamba, n'kupitirira m'nkhama mpaka kumwamba kwa m'kamwa, moti pakati pa kamwa ndi mphuno panalibe chotchinga. Azamba amene anandilandira, m'mudzi mwathu kuseri kwa Dzoole, akuti anangondigoneka pamphasa n'kutuluka panja osanena ngati ndinali mwamuna kapena mkazi. Nthungululu sizinamveke tsiku limenelo.

Kuyamwa kunandikanika, chifukwa mkaka unkangotulukira m'mphuno. Amayi ankafinyira m'kachikho n'kumandidonthezera pang'onopang'ono ndi kasupuni kamene abambo anasema. Anthu sanachedwe kupeza wolakwa. Ena ankati amayi anaseka munthu wolumala ali ndi pakati. Ena ankati abambo anayenda njira zina mkazi wawo ali woyembekezera. Abambo sankayankha. Iwo anali mkamwini, kwawo kunali kumapiri a ku Ntchisi, ndipo pamudzi pathu mawu awo ankathera pakhomo la nyumba yawo. Mwini mbumba anali amalume, mchimwene wawo wa amayi, amenenso anali tcheyamani wa nthambi ya chipani. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo munthu wopanda khadi lake sankalowa mumsika kapena kukwera basi. Makhadiwo ankagulitsa ndi amalume.

Zimene ndimakumbukira za ubwana wanga ndi misana ya anthu. Amayi oyembekezera akandiona ndikubwera ankatembenuka n'kuyang'ana kutchire, kuopa kuti mwana wa m'mimba angatengere nkhope yanga. Akazi awo a amalume ankachita kulavula. Kuchitsime ndinali ndi chikho changachanga chimene chinkakolekedwa pamtengo patali ndi zinzake. Anzanga ankandilola kusewera nawo masanje, koma nthawi zonse ine ndinkakhala fisi wobwera kudzaba chakudya, ndipo masewerawo ankatha ndi kundigenda ndi zibuma. Sindinkalira kwambiri, chifukwa kulira kwanga kunkawaseketsa koposa.

Chaka china, ndisanayambe sukulu, panamveka kuti kukubwera munthu wa zaumoyo kudzalemba ana ong'ambika milomo. Akuti kuchipatala chachikulu cha mumzinda kunkayembekezeka madokotala ochokera kunja amene ankasoka milomo yotere. Amayi atamva anandisambitsa, n'kundidzoza mafuta a nsatsi, n'kundiveka diresi la kutchalitchi. Inali nthawi yofukiza fodya, ndipo mubalani la abambo moto unali ukunyeka pansi, utsi uli tolotolo.

Njinga ya wazaumoyo itaonekera kutsidya kwa dambo, amalume anafika pakhomo pathu. Sanalankhule ndi amayi. Anandigwira padzanja, n'kundikokera kubalani, n'kundikankhira m'kati, n'kutseka chitseko ndi mtanda.

"Ukangokhosomola ndikumva," anatero.

Munthu wabwinobwino akhoza kutseka pakamwa kuti utsi usalowe. Ine ndinalibe chotseka. Utsi unkalowa paliponse, maso ankawawa, ndipo ndinagona chafufumimba n'kuika nkhope pakampata ka pansi pa chitseko pamene pankalowa kamphepo. Ndili pamenepo ndinkaona mapazi a anthu ndi matayala a njinga, ndipo ndinkamva zonse.

"Kuno kulibe mwana wotero," anatero amalume. "Anthu a nthambi yanga ndi athanzi. Amalima, amadya, amabereka ana abwino. Zopunduka mukazifune kwina."

Wazaumoyoyo anali mnyamata wa mawu ofatsa. Anafunsa amayi, amene anaima chapafupi atagwira mtondo: "Nanga inu mayi, simunamvepo za mwana wotere m'midzi ino?"

Ndinaona zala za kumapazi kwa amayi zikukanda dothi.

"Anena kale achimwene," anatero.

Mnyamatayo analemba kuti kwathu kulibe, n'kukwera njinga yake. Amalume anamuperekeza mpaka kudambo, akucheza naye za mvula. Ndi abambo amene anachotsa mtanda uja. Anandinyamula ndili lefu, ndikusanza, diresi la kutchalitchi litada bii. Anandisambitsa kumaso ndi manja awo okhakhala, n'kubwerera kukasonkhezera moto.

Chaka chotsatira zinthu zinatembenuka. Pa wayilesi anatchula tcheyamani wina wa cha ku Chisepo kuti ndi munthu wokonda anthu ake, chifukwa anatumiza ana ambiri kukasokedwa. Munthuyo amalume ankadana naye kuyambira kale. Amalume anamva nkhaniyo ali pakhonde, ndipo madzulo ake anabwera kwathu. Aka kanali koyamba kuti andiyang'ane kumaso.

"Iwe mwana, tabwera. Tayasama."

Ndinayasama. Anandigwira chibwano n'kunditembenuzira kudzuwa monga amachitira pogula mbuzi.

"Kameneka kakhoza," anatero. "Koma kamodzi sikakwana."

Anayenda m'midzi yonse ya nthambi yawo kufunafuna. Anapeza mnyamata amene ng'ombe inamung'amba mlomo ndi nyanga, mtsikana amene anapsa kukamwa atagwera pamoto, ndi kamwana kena kamene kanali ndi chilonda chosapola pachibwano. Wazaumoyo uja atabweranso, anatipeza titandandalika pabenchi pakhomo pa amalume. Anandiyang'ana ine, n'kuyang'ana amayi. Ndikhulupirira kuti anawakumbukira. Kenaka anayang'ana anzangawo.

"A tcheyamani, awa enawa si obadwa nawo. Madokotala aja akufuna obadwa nawo okha."

"Mlomo ndi mlomo," anatero amalume. "Lembani onse."

Analemba onse, aliyense kuti anabadwa ndi mlomo wong'ambika.

Tinapita mumzinda pa lole, titakhala pamatumba. Kuchipatala anzanga aja anangowayang'ana kamodzi n'kuwabweza pa lole yomweyo, makolo awo akudandaula kuti asiya minda pachabe. Ine ndinatsala ndi amayi. Dokotala wake anali mzungu wamkazi wa manja ozizira, ndipo anandiyang'ana m'kamwa nthawi yaitali osakwinya nkhope. Izi zinandidabwitsa kuposa magetsi. Analankhula, namwino n'kumatanthauzira.

"Akuti ntchito yake ndi yapatatu. Tsopano asoka mlomo. Chaka chamawa mubwere naye adzatseke dzenje la kumwamba kwa m'kamwali, kuti azilankhula bwino ndiponso chakudya chisamatulukire m'mphuno. Mano achikulire akadzamera, adzamuika mawaya owongolera mano, chifukwa adzamera mopingasa. Mwamva, mayi? Musadzajombe. Galimoto idzabweranso kwanu kudzatenga amene analembedwa."

"Ndamva," anatero amayi, n'kubwereza zonse zitatu powerenga ndi zala.

Nditatsitsimuka, kukamwa kunali kolemera ngati andimangirirapo mwala. Patapita masiku namwino anandibweretsera kalilole. Mlomo unali wotupa, wofiira, ulusi wakuda uli ngati nyerere zandanda, koma unali umodzi. Ndinautseka, n'kuutsegula, n'kuutsekanso. Amayi anatuluka panja, ndipo atabwerera maso awo anali ofiira. Pobwerera kumudzi anandigulira mpango wachikasu. Pa moyo wanga wonse wa ubwana, sabata imeneyo ndi imene ndinganene kuti ndinakondwa popanda chondisokoneza.

Tinapeza amalume atakonza kale msonkhano. Kunkabwera mkulu wina wa chipani wochokera kuboma, ndipo ine ndinali woti ndikaonetsedwe. Masiku otsalawo ankandiitanitsa m'mawa uliwonse kuti ndiloweze mawu oti ndikanene: "Ndikuthokoza boma pondichiritsa." Ndinkayesetsa. Koma munthu wa dzenje m'kamwa sangathe kutchula mawu ofuna mpweya wotsekeka. Mpweya wonse unkathawira m'mphuno. Ndikati boma, zinkamveka moma. Amalume ankamenya ndodo pansi.

"Si wasokedwa iwe? Ukulankhuliranji ngati chidzete? Bwereza!"

Amayi anayesa kuwafotokozera. "Achimwene, adokotala anati kulankhula kudzabwera akadzatseka kumwambaku."

"Iwe khala chete. Ndinakufunsa?"

Tsikulo bwalo la sukulu linadzaza. Amayi a m'midzi yonse anavina atavala nsalu zofanana, ana a sukulu anaguba, ndipo anyamata a chipani a malaya ofiira ankayendayenda ndi zikoti kukhazika anthu pansi. Amalume analankhula nthawi yaitali. Anati nthambi yawo inatumiza ana ochuluka kuposa nthambi ina iliyonse, ndipo onse anabwerako atachira. Kenaka anandinyamula n'kundiimika patebulo, pafupi ndi mabotolo a zakumwa za mlendo.

"Onani nokha! Mwana uyu mumamudziwa mmene analili. Lankhula, mwana wanga."

Sanandiitanepo choncho chiyambire. Ndinayang'ana anthu, ndinafunafuna amayi osawaona, ndipo ndinanena mawu aja mokweza monga anandiphunzitsira.

Munthu wina kumbuyo anabwereza, akutsina mphuno yake: "Moma!" Anthu anaphulika ndi phwete. Ana a sukulu ankagubuduka pansi. Ngakhale amayi ovina aja ankabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Anyamata a malaya ofiira analowa m'gulumo n'kuyamba kukwapula aliyense amene anali pafupi, chifukwa kuseka pamene patchulidwa boma unali mlandu. Mlendo uja sanaseke, sanakwiyenso. Anangoyang'ana wotchi yake n'kunong'oneza amene anakhala naye pafupi.

Msonkhano utatha, amalume ananditengera kuseri kwa kalasi. Anandimenya kamodzi kokha, ndi kunja kwa dzanja, pamlomo pomwe panasokedwa. Chilonda chinali chisanapole bwino ndipo chinatseguka chakumunsi. Magazi anadonthera pampango wachikasu uja.

"Wachita dala," anatero. "Iwe ndi atate ako."

Wazaumoyo uja anali chapomwepo akumangirira chikwama chake panjinga. Amalume anamukodola.

"Ana a nthambi yanga onse achira. Mwamva zimene ndanena pamaso pa bwana. Mukalembe choncho."

"Koma uyu, a tcheyamani, watsala ndi ..."

"Mukufuna kuti zimene ndalankhula pamsonkhano wa chipani zikhale zabodza?"

Mnyamatayo anandiyang'ana, magazi ali kuchibwano, n'kutulutsa cholembera. Sindimuda. Anali ndi mkazi ndi kamwana, ndipo tonse tinkadziwa za anthu amene anatengedwa pa galimoto chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Pomenyedwa paja panapola pokha, koma panasiya kamphako kamene ndili nako mpaka lero.

Mvula inagwa n'kutha, tinakolola, ndipo inakwana nthawi imene dokotala uja ananena. Tinamva kuti lole yafika pachipatala chaching'ono cha kwathu. Amayi ananyamula kamtolo ka zovala ndi mbatata zophika, ndipo tinanyamuka dzuwa lisanatenthe. Tinapeza ana ena a kumidzi ya kutali atakwera kale. Pakhonde panali tebulo, ndipo panakhala kalaliki wonenepa amene ankaitana maina. Wazaumoyo uja anali atasamutsidwa. Maina anatha, langa silinamveke. Amayi anayandikira n'kugwada.

"Bwana, mwana uyu anauzidwa kuti abwerenso."

Kalalikiyo anafunsa dzina la mudzi, n'kutsegula mapepala ake, n'kuyendetsa chala.

"Ameneyu anachira."

"Anasoka mlomo wokha, bwana. Kumwambaku kudakali dzenje. Iwe, tayasama awone."

Ndinayasama mmene ndikanathera, mutu nditaupendeketsa chagada. Ndinakhala choncho mpaka nsagwada zinayamba kuwawa. Munthuyo sanadzutse maso.

"Mayi, apa palembedwa kuti anachira. Galimoto ikutenga odwala, osati ochira."

"Mungoyang'anako pang'ono, bwana."

Apo anaika cholembera pansi n'kulankhula mokweza kuti onse pakhondepo amve.

"Kodi mukunena kuti boma linalemba bodza?"

Amayi ena amene anali pafupi nafe anasendera kutali. Amayi anga anawerama mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda simenti.

"Iyayi, bwana. Sindinatero."

"Ndiye anachira kapena sanachire?"

"Anachira, bwana."

"Basi pitani. Wotsatira!"

Lole inanyamuka tikuona. Mbatata zija tinadyera m'njira, pansi pa mtengo wa muwanga. Zina zinanditulukira m'mphuno monga mwa masiku onse, ndipo amayi anandipukuta ndi nsonga ya chitenje.

Abambo atamva, anachita chinthu chimene sanachitepo pa zaka zonse za ukamwini wawo. Anavala jekete lawo n'kupita kwa amalume masana, anthu akuona. Ine ndinawatsatira n'kuima kuseri kwa nkhokwe. Anavula chipewa, anakhala pansi, osati pampando.

"Alamu, ndabwera ndi pempho. Mawu anu amamveka. Mukangowauza a kuchipatala kuti panali kulakwitsa polemba, mwanayu amutenga."

"Kulakwitsa kwa yani?"

"Sindikuloza munthu chala, alamu. Koma mwana sanachire. Inunso mukudziwa."

Amalume anaseka pang'ono. Anaitana anyamata awiri a malaya ofiira amene ankakonda kukhala pakhomo pawo.

"Mwamumva munthuyu? Akuti boma silichiritsa. Munthu wobwera, wodya m'munda mwa eni ake, amene anatibweretsera mbewu yoola pamudzi pano." Anatembenukira kwa abambo. "Sankhani, alamu. Mubwerere kumapiri kwanu lero lomwe, kapena ndikutumizeni kumene anzanu amapita osabwerako."

Pofika madzulo, khasu la abambo, mphasa ndi kasutikesi kawo zinali panja. Fodya yense amene anali mubalani anatsala, ndipo anagulitsa ndi amalume. Amayi anakhala m'nyumba chitseko chili chotseka. Ine ndinawaperekeza abambo mpaka kudambo. Pamenepo anandiuza kuti ndibwerere, n'kundigwira pamutu.

"Uzipita kusukulu," anatero. "Ngakhale aziseka."

Kwawo sanakhalitseko. Tinamva kuti anapita kukagwira ntchito m'maesiteti a fodya ku Kasungu. Chaka choyamba anatumiza bulangete kudzera mwa munthu wina wa ku Bowe. Kenaka kunangoti zii. Sindinawaonenso, ndipo sindidziwa kumene anaikidwa.

Kusukulu ndinapita, ndipo ankasekadi. Mphunzitsi wathu wa sitandade fili anali mkulu wa mpingo, munthu wa mawu okoma poimba. Lachisanu masana, ana akayamba kusinza, ankati, "Tiyeni timve wayilesi yathu," n'kundiimiritsa kuti ndiwerenge mokweza. Ankasankha dala ndime zodzaza ndi mawu amene sindinkatha kutchula. Ana akaseka mpaka misozi, ankagogoda tebulo n'kunena kuti, "Basi, basi, musamaseke chilengedwe cha Mulungu," iye mwini akupukuta m'maso. Mayeso olemba ndinkakhoza kuposa onse, koma poitana zotsatira ankalumpha dzina langa n'kuyambira wachiwiri, ati kuopa kuti ndingadzikuze.

Mano achikulire anamera monga ananenera dokotala uja. Ena anapingasa, ena anabisala kumbuyo kwa anzawo, ndipo limodzi linamera pamng'alu penipeni, n'kuloza kutsogolo. Linkatukula mlomo wosokedwa uja n'kumaonekera ngakhale nditatseka pakamwa. Za mawaya panalibenso wozitchula. Amalume anali adakali ndi chizolowezi chonditumizira uthenga kukabwera alendo, kuti ndikapereke madzi osamba m'manja, iwo n'kumati, "Uyu ndi uja tinamuchiritsa." Kulankhula anandiletsa. Tsiku lina anaona dzino lija ndipo nkhope yawo inasintha.

"Ichi chikuononga ntchito yanga," anatero.

M'mawa mwake anabwera ndi munthu wokonza njinga wa pamsika, amene ankazulanso mano. Anandikhazika pamtondo wogonekedwa. Akazi awo a amalume anandigwira manja, mnyamata wina anandipanikiza mutu pamimba pake, ndipo munthuyo anapukuta pulayazi yake pabuluku n'kuilowetsa. Dzinolo linathyoka kawiri lisanatuluke. Amayi anali kumunda, ndipo anadziwa pobwera atandipeza nditagona kuseri kwa nyumba, tsaya litatupa mpaka diso kutsekeka. Anapita kwa amalume. Sindidziwa zimene zinalankhulidwa kumeneko. Anabwerako msanga, anatereka madzi amchere, n'kumandithira m'kamwa ndi kasupuni.

Makutu anayamba kundivuta ndili wamng'ono, koma pamene ndinkamaliza pulayimale khutu la kumanzere linkatuluka mafinya osaleka, ndipo fungo lake linkachititsa kuti pabenchi ndizikhala ndekha. Ndili mtsikana wamkulu ndithu, mutu unayamba kundiwawa mbali imodzi mpaka kulephera kudzuka. Amayi anagulitsa nkhuku zawo ndipo tinapita kuchipatala cha mishoni, kutali ndi kwathu, kumene kunalibe wotidziwa.

Anatilandira dokotala wachinyamata, Mmalawi, wovala malaya oyera bwino. Anayang'ana khutu, kenaka anandiuza kuti ndiyasame. Anaunika ndi tochi, n'kuimba kamluzu.

"Mayi, mwana uyu ali ndi zaka zingati?"

Amayi anamuuza.

"Ndiye munali kuti nthawi yonseyi? Dzenje ili limayenera kutsekedwa ali wamng'ono. Ndi limene laononga khutuli. Khutu ili lafa, silidzamvanso. Ngakhale titatseka lero, kalankhulidwe kake sikadzasintha kwenikweni, lilime linazolowera kale. Nanga mano awa anazula ndani chonchi?"

Amayi anayang'ana pansi.

Dokotalayo anafunsa kumene ndinasokedwa mlomo ndi mudzi wathu, n'kutuluka. Anakhalako nthawi, ndipo anabwera ndi chikwatu cha mapepala akale. Anawerenga akugwedeza mutu.

"Dera lanu lija linatchuka. Ana onse amene anatumizidwa analembedwa kuti anachira, ndipo sipanapezekenso wina. N'chifukwa chake madokotala aja anasiya kubwera kuno, anapita kumaboma ena kumene kunali odwala. Tsopano amene angachite ntchito imeneyi kuno kulibe."

Ndinaganiza za kamwana kena ka m'mudzi woyandikana ndi wathu, kamene kanabadwa ngati ine patapita zaka zochepa chichitikire msonkhano uja. Makolo ake anadikira lole imene sinabwere. Kanamwalira kasanayambe kuyenda, kataonda ngati kamtengo.

Dokotalayo anatseka chikwatu chija n'kuyang'ana amayi. Sanali munthu woipa, ndikuganiza. Anali wotopa, ndipo panja panali mzere wautali.

"Vuto lanu anthu akumudzi ndi limeneli. Mwaona mlomo wasokedwa, basi mwakhutira, mwakhala pansi. Anakuuzani kuti mubwerenso, si choncho?"

"Anatiuza."

"Ndiye simunabwere bwanji? Mwamulakwira kwambiri mwanayu. Moyo wake wonse adzavutika chifukwa cha ulesi wanu."

Ndinafuna kulankhula. Ndinayamba, koma mawu anatuluka ambiri nthawi imodzi, onse odzera m'mphuno, ndipo dokotalayo anakweza dzanja.

"Sindikumva zimene akunena. Akuti chiyani?"

Amayi anandigwira pabondo mwamphamvu. Pakhoma, pamwamba pa mutu wa dokotalayo, panali chithunzi chija cha mtsogoleri wa dziko chimene chinkapachikidwa mu ofesi iliyonse, ndipo pakhomo panaima namwino amene sitinkamudziwa.

"Sakunena kanthu," anatero amayi. "Pepani, adokotala. Ndinalakwa ndine."

Anatilembera mankhwala odontheza m'khutu ndi mapilitsi, n'kuitana wotsatira.

Mutu unaleka kuwawa patapita milungu ingapo, koma khutulo silinamvenso. Dzenje la m'kamwa ndinakhala nalo mpaka ndili mayi wa ana, pamene ndinkagwira ntchito yotayipa mu ofesi ina ndipo dokotala wa mano anandipangira kachotsekera kapulasitiki kamene ndimavala masana n'kuvula pogona. Amalume anakalamba ali wolemekezeka, ndipo chipani chitatha mphamvu anangosamukira kumpando wakutsogolo kutchalitchi. Amayi anamwalira asanandimvepo ndikutchula bwino dzina langa.

Tsiku lija pochoka kuchipatala cha mishoni tinalibe ya basi yokwanira, ndiye tinatsika panjira n'kuyamba kukwera zitunda wapansi. Amayi anali kumanzere kwanga. Ndinaona milomo yawo ikugwedezeka, koma sindinamve kanthu. Iwo anazindikira, anaima, n'kuzungulira kumbuyo kwanga kubwera mbali ya khutu lamoyo. Ndinadikira. Ndinkaganiza kuti anena za amalume, kapena za abambo, kapena za zimene anavomera mu ofesi muja.

"Ndimati tifulumire," anatero. "Mbuzi sitinazimasule."